Akufuna kusiya sukulu chifukwa Marconi analibe digiri

Mayi wina wandilembera za mnyamata wake amene ali Fomu 3. Akuti mwanayo ndi waluso la manja: mawailesi, matochi ndi machaja a foni a m'mudzi monse amawatsegula n'kuwadzutsa. Tsono wapeza mu dikishonale ya Chingerezi mawu awiri, marconigram ndi Marconi rig, ndipo atafufuza wamva kuti mwini dzinalo, Guglielmo Marconi, katswiri wa ku Italy wa mauthenga opanda waya, analibe digiri ya kuyunivesite. Chiyambire tsikulo nyimbo yake ndi imodzi, yoti ngati munthu wopanda digiri analowa mu dikishonale, iye akuvutikiranji ndi MSCE. Mayiwo akufunsa ngati amulole kusiya sukulu kuti akatsegule kabenchi kokonzera mawailesi pamsika.

Mayi, mwanayu musamukalipire. Mwana woti akaona mawu achilendo amawalondola mpaka kukafika ku Italy ndi wofunika kumusamala. Kungoti nkhaniyi waimva theka, ndiye mukhale naye pansi mumve limodzi theka linalo.

Marconi anabadwira ku Bologna mu 1874, ndipo n'zoona kuti digiri sanaiwerengere. Koma bambo ake anali ndi minda yaikulu, pomwe mayi ake, Annie Jameson a ku Ireland, anali a m'banja lolemera lotcheza mowa wa wisiki. Aphunzitsi ankamulondola kunyumba. Ku Livorno anaphunzira za magetsi kwa Vincenzo Rosa, ndipo pulofesa Augusto Righi wa pa yunivesite ya Bologna ankamulola kumvetsera maphunziro ake a fizikisi. Mafunde a wailesiwo sanawatulukire iye. Heinrich Hertz wa ku Germany anali ataonetsa kale pofika 1888 kuti mafundewa alipo, ndipo kachipangizo kowamvera, kachubu kagalasi kokhala ndi tizidutswa ta chitsulo m'kati, kanachokera m'ntchito ya Édouard Branly ndi Oliver Lodge. Marconi anawerenga zimenezi, n'kudzitsekera m'chipinda cham'mwamba cha nyumba yawo ya Villa Griffone mpaka belu linalira mbali ina ya chipindacho popanda waya wolilumikiza. Luso lake lenileni linali kutalikitsa mtunda: waya wina anauimika m'mwamba, wina anaulumikiza ku nthaka, ndipo mu 1895 chizindikiro chinadutsa kaphiri, mtunda wa makilomita pafupifupi awiri.

Mu 1896 mayi ake anapita naye ku London. Kumeneko analembetsa umwini wa lusolo, anakumana ndi William Preece, injiniya wamkulu wa positi ofesi ya ku Britain, ndipo mu 1897 msuweni wake Henry Jameson Davis anasonkhanitsa ndalama zoyambira kampani. Marconi analengeza kuti pa 12 December 1901, ali ku St John's ku Newfoundland, anamva timadontho titatu ta chilembo S tochokera ku Poldhu ku England, tsidya lina la nyanja ya Atlantic. Mu 1909 anagawana mphoto ya Nobel ya fizikisi ndi Karl Ferdinand Braun.

Chimene chinalowetsa dzinali m'kamwa mwa anthu si mphotoyo ayi, koma kampani. Kuyambira 1900 kampaniyo inkatchedwa ndi dzina lake, ndipo inkabwereketsa makina ku sitima zapamadzi pamodzi ndi anyamata oyendetsa makinawo. Wapaulendo akafuna kuuza abale ake kumtunda kuti ali bwino, ankalemba uthenga papepala losindikizidwa dzina la Marconi, n'kulipira. Uthenga wa pawaya unkatchedwa kale telegalamu, choncho wopanda wayawu anangouti marconigram. Mnyamata wogogoda makina anali Marconi operator, kachipinda kake Marconi room. Usiku umene sitima ya Titanic inamira mu April 1912, Jack Phillips ndi Harold Bride, amene ankaitana chithandizo, anali antchito a kampani ya Marconi, osati a eni sitimayo. Harold Cottam wa pa sitima ya Carpathia ndiye anamva kuitanako, ndipo anthu pafupifupi 700 anapulumuka.

Apa mwana wanu aonetsetse. Phillips, amene anafera m'ngoziyo ali ndi zaka 25, anayamba waphunzira kutumiza matelegalamu pa positi ofesi ya ku Godalming, kenako mu 1906 anakalowa sukulu ya kampani ya Marconi ku Seaforth, pafupi ndi Liverpool. Munthu yemwe uja wopanda digiri anatsegula sukulu, chifukwa sakanaika makina ake ndi miyoyo ya anthu m'manja mwa wongodziwa kutsegula ndi kutseka.

Nkhani ya Marconi rig ndiye imandisangalatsa kwambiri, chifukwa pamenepa Marconi sanagwirepo ntchito iliyonse. Awa ndi mamangidwe a thanga la boti loyenda ndi mphepo: chinsalu cha ngodya zitatu chokwera pa mlongoti umodzi wautali. Amalinyero a pachilumba cha Bermuda ankaligwiritsa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1600, n'chifukwa chake dzina lake lina ndi Bermuda rig. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ochita mipikisano ya maboti anayamba kulikonda, ndipo kuti mlongoti wautali choncho usathyoke ankaukunga ndi mawaya mbali zonse. Anthu poona mawayawo anati ukufanana ndi milongoti ya wailesi ya Marconi imene inali itaima m'mphepete mwa nyanja, dzina n'kukhazikika pompo. Lero marconigram palibenso amautumiza, mawuwo anatsalira mu dikishonale momwe mwana wanu wawapezamo, koma dzina la thanga limene mwiniwake sanasoke likumvekabe kwa oyendetsa maboti. Dzina limapita kumene anthu alitengera. Ngakhale umwini wa luso lenileni unakanganiridwa: mu 1943, Marconi atamwalira kale mu 1937, khoti lalikulu la ku America linagamula kuti zina zimene analembetsa zinali zitachitidwa kale ndi ena, kuphatikizapo Lodge.

Tsono iwe mnyamata, ndikuyankhule mwachindunji. Zimene Marconi anazipeza kunyumba kwawo, aphunzitsi, mabuku, pulofesa woyandikana naye ndi msuweni wa ndalama, iwe uli nazo pamalo amodzi okha, kusukulu kumene ukufuna kuthawako. Wailesi yotsegula ndi sikuludilaiva ikutha. Zimene zikubwera pa benchi masiku ano ndi mafoni, ma inivetala a sola ndi ma TV a timabodi tosaoneka bwino ndi maso, ndipo wosadziwa kuwerengera mphamvu ya magetsi amangosintha zipangizo mongoyerekeza mpaka kuotcha katundu wa eni ake. Ndikudziwa kuti utchula William Kamkwamba wa ku Kasungu. Iye sukulu anaisiya chifukwa cha kusowa fizi, makina ake amphepo anawaphunzira m'mabuku a mulaibulale, ndipo mwayi utapezeka anabwerera m'kalasi mpaka kumaliza ku Dartmouth College mu 2014.

Njira zilipo, ndipo zonse zimadutsa pa masamu, fizikisi ndi Chingerezi cha MSCE. Ukakhoza bwino, ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre, komwe kale kunali Polytechnic, kuli uinjiniya wa zamagetsi ndi zamauthenga. Mapointi akapanda kufika, makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, monga Soche ndi Lilongwe Technical College, amaphunzitsa zamagetsi n'kupereka setifiketi imene olemba ntchito amaizindikira, ndipo imeneyi si njira yachiwiri yochititsa manyazi. Ngati mtima uli pa nyanja, ku Monkey Bay kuli koleji ya ntchito zapamadzi. Zofunika polowa zimasintha, choncho uzifunse kwa aphunzitsi ako chaka chino, osadikira Fomu 4.

Mayi, benchi lija musamulande. Azikonza Loweruka ndi patchuthi, ndipo kandalama kakapezeka, koyamba kagulire mita yoyezera magetsi ndi kope. M'kopemo azilemba wailesi iliyonse imene wakonza, chimene chinafa, chimene anayeza ndi chifukwa chake. Pomwe walephera kulemba chifukwa, atenge kopelo Lolemba akafunse mphunzitsi wa fizikisi.