Mabuku Athu Akuchita Chuku, Titani?

Funso: Akonzi, laibulale ya m'dera lathu kuno ku Bvumbwe ili m'kachipinda ka pasukulu. Kodi malaibulale otere anayamba bwanji? Nanga tingateteze bwanji mabuku ku chuku ndi chiswe? Wowerenga wanu, Thyolo.

Yankho: Bambo kapena mayi, zikomo. Bungwe la National Library Service linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1967 n'kuyamba ntchito mu 1968. Kumanga nthambi paliponse kunali kosatheka, choncho kumidzi anthu amapeza okha chipinda ndi woyang'anira, mabuku n'kuchokera ku bungweli kapena kwa akufuna kwabwino.

Mdani wanu wamkulu ku Thyolo ndi chinyezi, makamaka nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi. Pepala limayamwa chinyezicho, masamba n'kumatana, guluu wa kumsana n'kulekerera. Shelefu yapansi ikhale masentimita 15 kuchoka pa simenti, ndipo isagunde khoma. Siyani mpata wolowa dzanja. Makatoni achotseni ndithu, chiswe chimayambira m'menemo. Sabata iliyonse suzumirani kuseri kwa mashelefu: mukaona timizere ta dothi tikukwera khoma, tiphwanyeni, mufufuze kumene tachokera.

Buku lonyowa musaliyanike padzuwa, limapindika. Liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, likauma mupukute chukucho panja ndi kansalu kouma. Selotepi pa tsamba long'ambika ayi, imasiya banga lachikasu.

Mawindo tsegulani masana kukawala dzuwa, koma kukagwa nkhungu akhale otseka.