Tiana ta nkhumba tikutsegula m'mimba, mdzukulu naye wayamba: mayankho kwa alimi a ku Angónia

Pa msonkhano wathu wa alimi a nkhumba ku Ulongwe dzuwa linalowa mafunso asanathe, ndipo ambiri anali a kutsegula m'mimba kwa tiana ta nkhumba. Ndalemba mayankho pano kuti amene sanafike awerenge nawo.

Mayi wina wa ku Domue anafunsa kuti: "Tiana ta nkhumba yanga tili ndi masabata awiri, tikuchita ndowe zachikasu zamadzimadzi. Patangopita masiku atatu mdzukulu wanga wa miyezi isanu ndi itatu naye wayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Kodi watengera ku khola?"

Mayi, choyamba tengani mwanayo mupite naye kuchipatala, za nkhumba tikambe mukabwerako. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi ntchito ya kachilombo kotchedwa rotavirus, kamene kamagwira ana a anthu ndi ana a ziweto omwe. Mwa anthu anakapeza mu 1973 ku Melbourne, m'dziko la Australia, pamene Ruth Bishop ndi anzake ankayeza matumbo a ana odwala. Pa makina okuza zinthu kamaoneka ngati gudumu, ndipo dzinalo linachokera ku mawu a Chilatini otanthauza gudumu. Kakalowa m'thupi kamawononga khungu la m'kati mwa matumbo limene limayamwa chakudya. Mkaka umangodutsa osagayika, n'kukoka madzi a m'thupi. Chimene chimapha si kachilomboko kwenikweni ayi, ndi kutha kwa madzi.

Kawirikawiri mwana amatengera kwa mwana mnzake, ndipo kankhumba kamatengera kwa mayi wake kapena pansi pa khola. Koma kudumpha kuchoka ku nkhumba kupita kwa munthu kumachitika, ndipo kunalembedwapo pafupi nafe. Ku Kasama, m'dziko la Zambia, mwa mwana wina amene sanalandire katemera munapezeka mtundu wa G5P[6], umene chibadwa chake chinkaloza ku nkhumba. Ku Brazil nako mtundu wa G5, wodziwika m'makola, unapezeka mwa ana m'zaka za m'ma 1990. Kuno kwathu, ofufuza anayeza ndowe za nkhumba kum'mwera kwa Mozambique n'kupeza mitundu ya G9P[13] ndi G4P[6]. Zoti mdzukulu wanu watengera kuti, zingadziwike ku labotale kokha, pamaso sizioneka. Koma njira yake ndi imodzi: ndowe kufika pakamwa, kudzera m'manja, m'madzi, pa nsapato, kapena pabwalo pamene mwana amakwawa.

Mnyamata wina wa ku Tsangano, amene anaphunzira pang'ono za ziweto, anafunsa chimene chinandisangalatsa: "Ma G ndi ma P amenewa ndi chiyani, ndipo kachilombo ka nkhumba kangaphunzire bwanji kukhala mwa munthu?"

Achimwene, taganizani za wokonza njinga pa msika. Wamasula njinga ziwiri nthawi imodzi, imodzi ya ku Domue ina ya ku Zóbuè, zipangizo zonse zili mbwee pansi. Pomanga, tcheni cha iyi chapita kwa iyo, gudumu la iyo labwera kwa iyi. Njinga zonse zikuyenda, koma palibe imene ili monga inabwerera. Rotavirus ndi wotero. Malangizo a chibadwa chake sali pa chingwe chimodzi, ali m'zidutswa 11. Mitundu iwiri ikakumana m'matumbo amodzi n'kulowa m'selo limodzi (kachipinda kakang'ono kwambiri ka thupi), pochulukana zidutswazo zimasakanikirana, ndipo pamatuluka kachilombo katsopano kokhala ndi zidutswa zina za ku nkhumba, zina za kwa munthu.

G ndi P ndi mayina a zinthu ziwiri za pa chikopa cha kachilomboko, zimene chitetezo cha thupi chimazindikira. Mwa ana a anthu yofala ndi monga G1P[8], G2P[4], G3P[8] ndi G9P[8]. Mu nkhumba mumapezeka kwambiri G3, G4, G5, G9 ndi G11, yophatikana ndi P[6], P[7] kapena P[13]. Mwaona kuti manambala ena ali mbali zonse ziwiri? Si mwangozi. Akatswiri atayerekeza zidutswa zonse 11 anapeza kuti banja lalikulu la rotavirus wa anthu, lotchedwa Wa, ndi la mtundu umodzi ndi rotavirus wa nkhumba, pamene banja lina, DS-1, ndi lachibale ndi wa ng'ombe. Ndi pachibale chakalekale, n'chifukwa chake zipangizo zawo zimalowana mosavuta. Nthawi zambiri kachilombo ka nkhumba kakalowa mwa munthu sikapita patali, kamathera mwa mwana mmodziyo. Chimene timaopa ndi tsiku limene kadzapeze ka anthu kali kale m'matumbomo, n'kubwereka zidutswa zokathandiza kufala pakati pa ana. Malo okumanirana oterewa timawakonza tokha tikasiya nkhumba ziziyenda m'mudzi, zikudya zonyansa za anthu kuseri kwa nyumba, ana n'kumasewera pomwepo. Ine ndimaona kuti chimbudzi chokhala ndi chitseko ndi khola lolimba ndi ntchito imodzi.

Bambo wina wa ku Furancungo anati: "Ndinabaya tiana tonse jakisoni wa oxytetracycline koma tinafabe titatu. Mankhwalawo anali achinyengo?"

Bambo, mwina anali enieni ndithu, koma munawatuma ntchito yosakhala yawo. Mankhwala amenewo amapha mabakiteriya, vairasi ngati rotavirus samukhudza. Amathandiza pokhapokha ngati mabakiteriya monga E. coli alowererapo, ndipo zimenezo auzeni a zaziweto ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi, aone, musamangobaya. Kankhumba kodwala rotavirus kamafuna zinthu zitatu: madzi, kutentha, ndi bere la mayi wake. Ikani madzi oyera osungunulamo paketi ya mchere wobwezeretsa madzi m'thupi m'chiwiya chosaya, musinthe kawiri kapena katatu patsiku. Tofooka timwetseni pang'onopang'ono ndi sirinji yopanda singano. Chenjezo limodzi limene ambiri salidziwa: kankhumba kosakwana sabata sikatha kugaya shuga wa mu tiyi, ndiye mukakapatsa kutsegulako kumangowonjezeka. Kafunika gulukosi, amene ali kale m'mapaketiwo.

Za kuzizira ndiye tisachite kuuzana. Juni ndi Julayi kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano kumazizira koopsa, ndipo ndi nyengo yomweyo imene rotavirus amavuta kwambiri. Kankhumba kongobadwa kamafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 30. Tchingani mphepo ndi mphasa kapena masaka, yalani udzu wouma wambiri pakona, mukaona wanyowa chotsani. Ndipo tsiku lobadwa onetsetsani kuti kalikonse kayamwa mkaka woyamba uja m'maola oyambirira, ngakhale kotsiriza kochepa thupi. Chitetezo chachikulu cha mayi chimadzera mmenemo. Nkhumba yobereka koyamba imakhala ndi chitetezo chochepa kuposa yaikulu, n'chifukwa chake ana ake ndi amene amavutika kawirikawiri. Vuto limabweranso masiku ochepa mutaletsa kuyamwa, choncho gaga muyambe kuwazoloweza akadali pa bere.

Wina anafunsa ngati ichi ndi chigodola. Ayi. Chigodola chimagwetsa nkhumba zazikulu zomwe, thupi limatentha, khungu limafiira m'makutu ndi pamimba, khola limatha m'masiku ochepa, koma munthu sichimugwira. Mukaona zimenezo musagulitse nyama, kaneneni msanga. Rotavirus amasankha tiana, zazikulu zimangomunyamula zili bwinobwino.

Funso lotsiriza linachokera kwa mayi wa gulu la amayi oweta nkhumba: "Ndiye tisiye kudya nyama ya nkhumba? Nanga khola tizitsuka ndi chiyani?"

Nyama yophika bwino ilibe mlandu pa matenda awa, Mayi. Vuto lili ku ndowe. Kachilomboka n'kolimba, kamatha miyezi kali moyo m'ndowe, ndipo kochepa chabe n'kokwanira kudwalitsa. Nkhumba isanabereke, palani ndowe zonse, tsukani ndi sopo, kenako thirani madzi a javel (mankhwala oyeretsera a kolorini), musiye paume padzuwa masiku angapo. Mukathira javel pamwamba pa ndowe mwangotaya ndalama, mphamvu yake imathera m'zonyansazo. Khola la dothi palani dothi lapamwamba n'kuika lina. Ndowe zipite kudzenje la manyowa kumunsi, kutali ndi chitsime. Nsapato za kukhola zizikhala kukhola, ndipo chidebe cha nkhumba chisapite kumjigo. Podyetsa yambani ndi zathanzi, zodwala pomaliza, kenako sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana kapena mbale. Ndikudziwa kuti ambiri mumapita kukhola mwana ali kumsana chifukwa palibe womusiyira, koma masiku amene tiana tikutsegula m'mimba pemphani apongozi kapena mnansi amugwire.

Katemera wa rotavirus wa ana analowa m'zipatala za Mozambique mu Seputembala 2015, ku Malawi mu 2012. Ndi wa madontho a pakamwa, ndipo amayamba mwana akafika miyezi iwiri. Onani pa khadi la kusikelo ngati analandira onse. Wolandira katemera akhoza kudwalabe, koma kawirikawiri sadwala mwakayakaya. Mwana akayamba kutsegula m'mimba pitirizani kuyamwitsa, mupatseni madzi a paketi aja pafupipafupi, ndi mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14 monga akuuzireni kuchipatala kapena wazaumoyo wa m'mudzi mwanu. Maso akalowa, liwombo likaphwa, kapena akakana kuyamwa, musadikire kuche.