Kodi tinene "the team is" kapena "the team are"?

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo yokhudza mwana wake amene ali Fomu 4. Mwanayo analemba kuti "The team are playing well", aphunzitsi nkumuchonga kuti walakwa, koma madzulo a tsiku lomwelo banja lonse linamva woulutsa mpira wa ku England akulankhula mawu omwewo pa wailesi. Funso lawo ndi lakuti, wolakwa ndani?

Mayi, zikomo pondilembera. Mawu ngati "team", "family", "committee", "class" ndi "government" ndi mayina aunyinji, omwe amatchula anthu ambiri kapena zinthu zambiri ngati chinthu chimodzi, monga ife tinenera kuti gulu, banja kapena khamu. M'Chichewa mayina otere savuta, chifukwa mneni amatsatira gulu la dzinalo: timati banja lapita, boma lalengeza, ngakhale m'banjamo mukhale anthu khumi. Chingerezi cha ku Britain chimayendera zimene wolankhulayo akuganiza. Akamaona gululo ngati chinthu chimodzi chochitira zinthu pamodzi, amati "The committee has made its decision". Akamaganizira anthu a m'gulumo mmodzimmodzi, makamaka pamene sakugwirizana, amati "The committee are arguing among themselves", pakuti chinthu chimodzi sichingakangane chokha. Oulutsa mpira a ku Britain amaona osewera 11 akuthamanga m'bwalo, ndiye chifukwa chake amanena ngakhale kuti "England are winning". Ku America anthu ambiri amakonda mneni wa chinthu chimodzi pa mayina amenewa, choncho kumeneko mudzamva kwambiri "the team is".

Motero mwana wanu sanalakwe Chingerezi, ndipo ndikanakonda aphunzitsiwo akanamufotokozera zimenezi m'malo momuchonga chabe, chifukwa mwana wochongedwa popanda kuuzidwa chifukwa amayamba kukayikira ngakhale zimene amazidziwa bwino. Komabe aphunzitsiwo ndikuwamvetsa. Polemba mayeso a MSCE, njira yosapereka mpata wotsutsidwa ndi kugwiritsa ntchito "is" kapena "has", kupatula pamene chiganizocho chikusonyeza poyera kuti aliyense m'gulumo akuchita zake. Cholakwa chenicheni, chimene ndimachiona kawirikawiri m'zolemba za ophunzira, ndi kusakaniza njira ziwirizi m'chiganizo chimodzi, monga "The committee has made their decision". Mukayamba ndi "has", mlowam'malo akhale "its". Mukayamba ndi "have", akhale "their".

Pali mayina ochepa amene sapereka mwayi wosankha. "Police" ndi "cattle" nthawi zonse amatenga mneni wa zinthu zambiri, ku Britain ndi ku America komwe. Timati "The police have arrived", osati "has arrived". Apa Chichewa chingamuthandize mwanayo kukumbukira, popeza nafenso timati apolisi afika, ndipo tikafuna kunena za mmodzi timati wapolisi, monga Angerezi anenera "a police officer". Asasokonezenso mayina aunyinji ndi mawu ngati "furniture" ndi "luggage", omwe ndi mayina a zinthu zosawerengeka ndipo amatenga "is" nthawi zonse.

Mwina mwanayo analowezanso pamtima mawu ngati "a pride of lions" ndi "a gaggle of geese". Ambiri mwa mawu amenewa anachokera kwa alenje olemekezeka a ku England akalekale, ndipo mndandanda wake wodziwika uli m'buku la The Book of Saint Albans, lomwe linasindikizidwa m'chaka cha 1486. Ndi osangalatsa kuwadziwa, koma amene adzawagwiritse ntchito kwenikweni ndi "herd" pa ng'ombe, "flock" pa nkhosa ndi mbalame, ndi "swarm" pa njuchi. Polemba mawu amenewa, mneni atsatire dzina launyinjilo, osati dzina lobwera pambuyo pa "of", kotero alembe kuti "A herd of cattle is grazing near the river".