Mjigo wathu wafa, kodi tidikire aphungu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa cha ku Limbuli ku Mulanje, amene angowasankha kumene kukhala mlembi wa komiti ya mjigo m'mudzi mwawo. Akuti mjigowo unayamba ndi kuchedwa kutulutsa madzi m'mawa, kenako mkono wake unayamba kugwedera ndi kulira, ndipo tsopano patha milungu itatu osatuluka ngakhale dontho. Amayi abwerera kumtsinje. Anthu akukana kusonkha chifukwa ndalama za komiti yakale sizikudziwika komwe zinalowera, ndipo ena akuti bola kudikira aphungu. Akufunsa kuti ayambire pati.

Mayi, musadikire. Malinga ndi momwe mwafotokozera, mjigo wanu mwina wafa ndi tizipangizo tating'ono timene tingakwane m'dzanja limodzi, ndipo mlungu uliwonse umene mukudikira ndi mlungu wina ana akumwa madzi a kumtsinje.

Ndiye choyamba, ngakhale lero, kaoneni mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti agawe kolorini wosungunula kale ndi kuuza banja lililonse muyeso wake pa ndowa. Amene angathe kugula WaterGuard athire kachivindikiro kamodzi m'malita 20, atakase, adikire mphindi 30 asanamwe. Madzi akakhala a matope, ayambe adikha kapena asefedwe pansalu yoyera, chifukwa kolorini sagwira bwino m'madzi akuda. Sitikunena izi mongokwaniritsa mwambo. Kolera ya mu 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 zimbudzi zambiri kuno kumwera zinagwa n'kukokolokera m'mitsinje yomweyi.

Tsopano za mjigowo. Mijigo yambiri m'midzi ya ku Mulanje ndi Thyolo ndi ya mtundu wa Afridev. Anaupanga mwadala kuti anthu a pamudzi azitha kuutsegula ndi sipanala imodzi n'kutulutsa za mkati popanda kuzula mapaipi. Pamwamba pali mkono umene umayenda pa mapini awiri, ndipo pini iliyonse ili ndi mabushi awiri a pulasitiki, onse pamodzi anayi. Kuchokera pamenepo pamatsika marodi achitsulo, iliyonse pafupifupi mamita atatu, okolana m'nsonga. Pamfundo iliyonse pali kalabala koletsa rodi kukhula paipi. Pansi penipeni, mu silinda, muli pulanja yokhala ndi labala lotchedwa U-seal, lomwe limakweza madzi, ndipo pansi pake pali futuvavu yomwe ntchito yake ndi kugwira madzi kuti asabwerere pansi. Pulanja ndi futuvavu zonse zili ndi kalabala kotseka ndi kutsegula kotchedwa bobini, ndipo futuvavu ili ndi kalabala kozungulira kotchedwa O-ring kunja kwake.

Mukamvetsa zimenezi, nkhani ya mjigo wanu ikumveka yokha. Kuchedwa kutuluka madzi m'mawa kukutanthauza kuti usiku madzi amatsika m'mapaipi. Kawirikawiri ndi bobini kapena O-ring ya futuvavu yomwe yatha, koma nthawi zina ndi paipi yabooka kapena yang'aluka pamfundo. Kugwedera ndi kulira kwa mkono ndi mabushi. Mabushi akatha n'kuwasiya, chitsulo chimayamba kudyana ndi chitsulo, mapini amadyeka, ndipo mapeto ake mumagula pini kapena mutu wonse wa mjigo pamene mukanangogula mabushi. Musathiremo girisi kapena oyilo kuti asiye kulira. Mabushi amenewa safuna mafuta, ndipo mafutawo amakoka mchenga n'kudonthera m'madzi akumwa.

Za kuleka kutuluka madzi, pitani mukagwire mkono. Ngati wapepukiratu, osamva kulemera kwina kulikonse, ndiye kuti rodi yaduka kapena yakoloka, mwinanso U-seal yatheratu kapena yachoka m'malo mwake. Zonsezi n'zokonzeka tsiku limodzi.

Potsegula pakhale anthu osachepera atatu, ndipo mmodzi akhale woti anaphunzitsidwapo. Ngati onse ophunzitsidwa anali a komiti yakale, apempheni abwere, mkangano wa ndalama uli ndi tsiku lake. Apo ayi itanani makaniki wa mijigo wa m'dera lanu, amene anthu amangoti eliya makaniki, ndipo dzina lake mulipeza kwa mlangizi wa za madzi kapena ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu. Chotsani chivindikiro cha mutu, tsitsani mkono, lowetsani chogwirira cha sipanala m'kabowo ka pamwamba pa rodi yoyamba kuti marodi atsamire pamenepo, kenako masulani manati a mapini onse awiri n'kusolola mkono. Marodi atulutseni imodziimodzi. Amene wagwira rodi yapansi asaisiye mpaka mnzake atagwira, chifukwa marodi akapulumuka amakaswa za pansi ndipo ntchito ya tsiku limodzi imasanduka ya mwezi. Ayaleni pamitengo kapena pamphasa yoyera, osati padothi, motsatana momwe atulukira. Pulanja ikatuluka, ichotseni, mangirirani kachitsulo kowedzera kamene kanabwera ndi mjigo, tsitsani marodi n'kukola futuvavu.

Popeza mwatsegula kale, sinthani zonse zakutha msanga nthawi imodzi: U-seal, mabobini awiri, O-ring, mabushi anayi ndi timalabala ta marodi timene tadyeka. Kusintha chimodzi n'kusiya zinzake za msinkhu womwewo ndiko kumachititsa kuti anthu azitsegula mjigo miyezi iwiri iliyonse mpaka kugwa ulesi. Samalani poika U-seal, milomo yake iyang'ane m'mwamba. Mukaitembenuza madzi satuluka, ndipo cholakwa ichi n'chofala kwambiri. Tsukani marodi ndi madzi a kolorini musanawabwezere. Pogula, tengani zakalezo mupite nazo kusitolo kuti muyerekeze, pakuti pulanja zilipo za pulasitiki ndi za mkuwa ndipo malabala ake amasiyana.

Mukamaliza muuyese, ndipo mayeso awiriwa muziwachita mwezi uliwonse ngakhale mjigo ukuoneka wabwino. Popani mpaka madzi ayambe kutuluka bwino, kenako tcherani ndowa ya malita 20 n'kupopa ka 40 m'mphindi imodzi, mkono ukukwera mpaka pamwamba ndi kutsika mpaka pansi. Madzi afike malita 15 kapena kuposa, kutanthauza kuti ndowa itsale pang'ono kudzaza. Akachepera, yang'anani U-seal ndi bobini ya pulanja. Kenako usiyeni mjigo mphindi 30, mupopenso mukuwerenga. Ngati mwapopa koposa kasanu madzi asanatuluke, pena pake pakudontha. Ngati futuvavu mwangoikonza kumene koma kudonthako sikunathe, vuto lili m'mapaipi.

Apa ndiye pamathera ntchito ya komiti. Mapaipi a Afridev ndi a pulasitiki, omatidwa ndi guluu mfundo iliyonse, sapotokoledwa. Kuwazula kumafuna anthu ambiri, chingwe ndi mitengo ya mphanda yowagwiriziza, ndipo akagwera pansi pa chitsime kuwawedza n'kovuta kwambiri. Imeneyo ndi ntchito ya eliya makaniki. Gwirizanani mtengo asanagwire sipanala, mulembe m'buku, ndipo chilichonse chimene wachotsa chitsale m'manja mwa komiti. Alipo ena oyendayenda amene amanena kuti silinda yafa, n'kuinyamula, mawa n'kukaigulitsa kumudzi wina.

Palinso mavuto amene si a pampu konse, ndipo kugula zipangizo pamenepo n'kutaya ndalama. Ngati mjigo umatulutsa bwino ndowa zingapo m'mawa kenako n'kuuma mpaka utapuma, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, madzi apansi atsika kapena chitsime chadzaza matope. Ngati madzi akutuluka ndi mchenga nthawi zonse, vuto lili pansi pa chitsime. Ngati amada mvula ikangogwa, onani simenti ya pamjigo: ikang'aluka, madzi a pamwamba amalowa. Ming'alu yaing'ono mutha kumata nokha, n'kukonza ngalande kuti pasakhale chithaphwi, ndipo chimbudzi, khola kapena dzala zisayandikire mamita 30. Koma kutsuka chitsime ndi makina kapena kukumba china, mudzi sungathe pawokha.

Zikafika apo, njira yake ilipo. Kuyambira mu 1998 pamene mphamvu zinapita ku makhonsolo, chitukuko cha pamudzi chimadzera ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu wanu, kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, mpaka ku khonsolo, komwe kuli ofesi ya za madzi. Lembani kalata, musangotuma mawu pamaliro. Mutchule dzina la mudzi, gulupu ndi T/A, chaka chimene mjigo unakumbidwa ndi amene anakumba ngati zinalembedwa pasimenti, chiwerengero cha mabanja, kumene anthu akutunga pano, zimene mwakonza kale nokha ndi zimene makaniki wapeza. Asayinire wapampando ndi amfumu, ndipo muilembe zingapo kuti ina ipite kwa khansala, ina mutsale nayo. Chiwerengero cha anthu n'chofunika: muyeso wa boma ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu pafupifupi 250, mtunda wosaposa mamita 500. M'midzi yothinana ya kufupi ndi minda ya tiyi mjigo umodzi umatha kunyamula anthu ochuluka kuposa apo, ndipo ngati kwanu zili choncho, ndi chifukwa chomveka chopemphera wachiwiri kudzera mu CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, kapena ndalama zina za khonsolo. Pamenepo mpamene aphungu ndi akhansala amafunikira. Kuwadikira pa U-seal n'kudzizunza.

Chovuta kwenikweni m'kalata yanu ndi ndalama, ndipo anthu amene akukana kusonkha musawaone ngati ovuta. Anasonkhapo, sanaone kanthu. Pemphani amfumu aitanitse msonkhano, komiti yakale ifotokoze pagulu zimene inalandira ndi zimene inagula, ndipo ngati pali wobweza agwirizane masiku. Koma kukonza mjigo kusadikire kuti mlanduwo uthe. Musanapite kumsonkhanoko tumani anthu awiri akafunse mitengo ya zipangizo m'masitolo a hadiweya ku Limbuli kapena ku Chitakale, mubwere ndi pepala. Munthu amatulutsa ndalama mosavuta akamva kuti zikufunika mabushi anayi pa mtengo wakuti, kusiyana ndi kungomva kuti sonkhani za mjigo. Tsiku lokonza, zipangizo zatsopano ziyalidwe poyera anthu azione, risiti iwerengedwe mokweza.

Mjigo ukayamba kutuluka madzi ndiye nthawi yabwino yokhazikitsa chopereka cha pamwezi, anthu akadali okondwa. Werengani mtengo wa zipangizo zakutha msanga za chaka chonse, onjezani malipiro a makaniki ndi ina yosungira paipi kapena rodi, mugawe ndi mabanja otunga. Nkhalamba ndi ana amasiye okhala okha achotsedwe pamndandanda pamaso pa onse, kuti mawa pasakhale manong'onong'o. Amene ndalama amaiona pa nyengo, monga pogulitsa nandolo kapena pothyola tiyi nthawi ya dzinja, aloleni kulipiriratu miyezi ingapo. Mlembi ndinu: buku likhale ndi dzina la banja lililonse ndi mwezi uliwonse, ndipo msungichuma akhale munthu wina, osati wa nyumba imodzi ndi inu kapena ndi wapampando. Komiti ya mjigo imakhala ya anthu khumi, ambiri mwa iwo amayi, chifukwa ndiwo amadziwa tsiku limene mjigo wayamba kulemera. Amfumu asasunge ndalama. Iwo ndi oweruza zinthu zikasokonekera, ndipo sangaweruze thumba limene lili m'nyumba mwawo.

Malangizo athu ndi akuti musasunge ndalama zambiri m'manja. Zikangokwana, gulani zipangizo n'kusunga pamalo ouma, opanda dzuwa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo komiti imene inali ndi ndalama m'kachitini inataya, pamene imene inali ndi malabala m'kabati sinataye kanthu. Zipangizo sizibwerekedwanso pakagwa maliro. Makomiti ena amaika ndalama ku banki mkhonde kuti ziswe, ndipo si zoipa, koma muyambe mwagula seti imodzi yathunthu, chifukwa mjigo umatha kufa ndalama zonse zili pangongole.

Muuzenso otunga, makamaka ana, kuti azipopa mokoka mkono wonse modekha. Kupopa mofulumira timikoko tatifupi ndi kumenyetsa mkono pansi kumamaliza mabushi msanga ndi kukolola marodi. Manati a mapini muziwayang'ana sabata iliyonse, ndipo ngati kudera kwanu kumabedwa zipangizo, mjigo uzikhomedwa usiku pa ola limene mwagwirizana.

Mukatsegula, tilembereninso zimene mwapeza pa pulanja ndi futuvavu, kuchuluka kwa marodi amene atuluka, ndi zotsatira za mayeso awiri aja. Ndi zimenezo tidzatha kukuuzani ngati mapaipi akufunika kuzula.