Ndikaona Munthu Wosamudziwa Akulira, Nditani?

FUNSO: M'basi ndinakhala moyandikana ndi mayi wina. Atangoyankha foni, misozi inayamba kutsika mwakachetechete. Ndinafuna kuwalankhula koma ndinaopa kuoneka wolowerera za eni. Ndinatsika osanena kanthu, ndipo mpaka lero zikundiwawa. Ndikanatani? – Wowerenga wathu

YANKHO: Kuwawidwa mtima kwanuko kukusonyeza kuti munawaona mayiwo, ndipo poyambira pake ndi pomwepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization, m'malangizo ake a 2011 a thandizo loyamba kwa munthu wosweka mtima, linaika masitepe atatu: kuona, kumvetsera, ndi kumulumikiza ndi omuthandiza.

Poona, musamangoyang'ana misozi. Wina salira n'komwe: maso angoti tong'o pamalo amodzi, manja akunjenjemera, mwamuitana kawiri koma sakumva. Onetsetsaninso kuti si matenda. Akamabanika, kugwira pachifuwa kapena kulankhula mosokonekera, pakufunika achipatala msanga.

Mukamayandikira, bwerani cham'mbali, mutsitse mawu kuti ena asamve. Funso limodzi ndi lokwanira: "Pepani mayi, ndaona kuti simuli bwino. Pali chimene ndingakuthandizeni?" Kenako khalani chete masekondi 10 kapena kuposerapo. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa chete amatisowetsa mtendere ndiye timamudzaza ndi mawu. Komatu munthu amene wangolandira uthenga woipa amachedwa kumva ndi kuyankha, mutu umakhala utaima. Akati "ayi, zikomo", musakakamire. Ingonenani kuti "ndili pompano mukandifuna", basi.

Pali mawu ooneka abwino amene amapweteka. "Musalire" amamveka ngati misozi yawo ikukusowetsani mtendere. "Ndikudziwa mmene mukumvera" nthawi zambiri amatsatana ndi nkhani yanu, wolirayo n'kusanduka womvetsera. Funso loti "zachitika bwanji?" limawakakamiza kubwereza zimene mtima sunazilandire; akafuna adzanena okha. Musawagwire paphewa kapena dzanja musanapemphe, ndipo wina akatulutsa foni kuti ajambule, muletseni.

Gawo lachitatu ndi limene timaliona lofunika koposa, popeza inu mutsika, iwo apitirira. Funsani kuti, "Pali wachibale kapena mnzanu amene tingamuimbire?" Ngati zala zikulephera kudina, imbani ndinu, munene pamene ali ndi nthawi imene afike. Afunseni kotsikira, muwakumbutse chikwama, muwaolotse msewu ngati mwatsikira pamodzi, chifukwa munthu wotere saona galimoto.

Akatulutsa mawu ngati "bola ndingofa", musawazembe. Funsani mosabisa: "Kodi mukuganiza zodzipha?" Kufunsa chonchi sikuika maganizowo mwa munthu. Akavomera, musawasiye okha mpaka wachibale kapena wazaumoyo atafika, ngakhale zitanthauze kuti mupitirire pamene munayenera kutsikira.