Nkhasi ya snapping turtle imapuma bwanji ikakhala pansi pa madzi?

Achemwali, mwafunsa kuti nkhasi imeneyi imatha bwanji kukhala nthawi yaitali osatuluka m'madzi, popeza mukufuna kuchitapo kafukufuku wa digiri yanu yoyamba.

Nkhasi iyi, imene asayansi amaitcha Chelydra serpentina, imapezeka ku North America, kuchokera kumwera kwa Canada mpaka ku Florida. Ili ndi mapapo, koma nthiti zake zinamatirira ku chigoba, choncho chifuwa sichifufuma ngati chathu. Imakoka mpweya ndi minofu ya m'mimba. Nyengo yotentha imakonda kukhala m'matope a madzi osaya, n'kumangotambasula khosi lake lalitali kuti mphuno zituluke pamwamba.

Chodabwitsa chimabwera nthawi yozizira. M'nyanja za ku Ontario, chigawo cha dziko la Canada, madzi amaundana pamwamba kwa miyezi ingapo, nkhasi ili pansi. Thupi likazizira limagwiritsa ntchito mpweya wochepa kwambiri, ndipo wochepawo umalowa kudzera pakhungu ndi m'kati mwa kamwa ndi pakhosi. Ku Algonquin Provincial Park, nkhalango yotetezedwa ya ku Ontario komweko, asayansi akhala akuzitsata nkhasizi kwa zaka zambiri.

Langizo langa ndi ili: nthawi iliyonse mukamawerenga mphindi zimene yamira, lembaninso kutentha kwa madziwo. Popanda zimenezo manambala anu sadzakuuzani kanthu. Onaninso ngati yangogona kapena ikusaka, chifukwa yoyendayenda imatuluka msanga.

Chonde musainyamule ndi mchira, mungaivulaze msana, ndipo khosi lake limafika kutali ikafuna kuluma.