Mphwanga, zolemba zija zinapita, za baseball ndikuuza pakamwa

Moni nonse pagulu pano. Amayi, mwaswera bwanji kumeneko? Achemwali, zikomo, uthenga wanu ndauona. Kuno ku South Bend kukuzizirabe ngakhale Marichi walowa. Ndikufuna ndimuyankhe mphwanga, wafunsa dzulo kuti, amalume, zolemba zija munalonjeza za baseball zili kuti, nanga chaka chino cha 2026 chikho atenga ndani? Ndaona kuti ndingolankhula, chifukwa zolembanso panopa mtima sukulola. Uthengawu utalika pang'ono, amene bandulo yatsala pang'ono mudzamvera usiku.

Mphwanga, ndinalemba. Usaganize kuti ndinakunamiza ayi. Loweruka lapitali nditaweruka kuntchito ndinakhala patebulo la kukhitchini kuyambira 2 koloko masana mpaka mdima kugwa. Anakwana masamba 6. Ndili pandime yomaliza penipeni, kompyuta inangoti zii. Mausi osayenda, mabatani osayankha. Ndinadikira, ndinadikiranso, poganiza kuti mwina itsitsimuka. Kenako sikirini inada bii, n'kudziyatsanso yokha. Nditatsegula pomwe ndimalemba paja, tsamba loyera mbee. Ndinafufuza m'mafoda onse mpaka pakati pausiku, osapeza ngakhale liwu limodzi.

Iweyo poti uli pasukulu ndipo ukulemba ma asayimenti pakompyuta, mvetsetsa chimene chinachitika. Ukamatayipa, mawu aja sakhala atalowa mudisiki. Amakhala mu RAM, ndipo RAM imagwira zinthu pokhapokha magetsi akuyenda m'menemo. Zili ngati aphunzitsi akulemba pabolodi ndi choko. Kuseva ndiye kukopera m'kope. Kompyuta ikazima, bolodi lafufutidwa, chimene sunakopere chapita. Mapulogalamu ena amadzisungira okha kope pakapita mphindi zingapo, koma ine ndimalemba m'kapulogalamu kakang'ono ka manotsi, ndipo fayiloyo ndinali ndisanaipatse n'komwe dzina. Ndiye chonde, usanalembe chiganizo choyamba, ipatse fayilo dzina. Ukamaliza ndime iliyonse dina Ctrl ndi S pamodzi, chala chizolowere. Madzulo dzitumizire wekha pa imelo. Kwanuko magetsi amathimathima, ndipo makompyuta a patebulo aja a kusukulu alibe batire, ndiye ngozi yako iposa yanga.

Chimene chinandipweteka kwambiri si manambala, manambala ndiwapezanso. Ndi Chichewa chija. Ndinatha pafupifupi ola lathunthu kusakasaka njira yoti ndifotokozere masewerowa kuti ngakhale amayi amve, ndipo ndinaipeza, ziganizo zinagona bwinobwino. Lero ndikayesa kuzikumbuka zikungobwera zidutswazidutswa. Zimenezo ndiye zandiwawa, sindibisa.

Chabwino, ndikuuze zomwe zatsala m'mutu.

Poyamba udziwe kuti ligi yaikulu kuno, MLB, ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imasewera masewero 162 kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Seputembala. Taganiza, ku Premier League ya ku England kumene umatsatira kuja ndi 38 okha. Kuno amasewera pafupifupi tsiku ndi tsiku. Ndiye timu yabwino kwambiri imagonjabe maulendo 60 kapena kuposa pachaka, palibe amene amadabwa. Akatha pamenepo matimu 12 amalowa m'ndime ya chipulula mu Okutobala, ndipo kumeneko zinthu zimasintha. Mumangokumana masewero atatu, asanu, kapena asanu ndi awiri, wagonja wapita kwawo. N'chifukwa chake kulosera baseball kumavuta. Chaka chatha, 2025, Milwaukee Brewers ndiyo inapambana masewero ambiri kuposa timu ina iliyonse, 97. Los Angeles Dodgers inapambana 93. Koma atakumana mu Okutobala, Dodgers inawakwapula kanayi motsatizana, Brewers osapambana ngakhale kamodzi.

Pa sewero lachinayi limenelo Shohei Ohtani, mnyamata wa ku Japan uja umamuonera pafoni, anachita zimene ine chibwerereni kuno sindinaonepo. Iye yemweyo anaponya ma inning 6 (zigawo za sewero, zimakhala 9) osalola adani kupeza chigoli, n'kutulutsa omenya 10 ndi ma strikeout (womenya akaphonya katatu mipira yoponyedwa, watuluka), ndipo iye yemweyonso anamenya ma home run atatu, kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo n'kupeza chigoli. Kuti umve kukula kwake, pa masewerowa woponya ndi womenya ndi ntchito ziwiri zosiyana, anthu amakalamba akuphunzira imodzi. Zili ngati goloboyi agwire mapenate, kenako athamange kutsogolo akagoletse zigoli zitatu. N'chifukwa chake Dodgers inamupatsa kontirakiti ya madola 700 miliyoni ya zaka 10.

Ndiye funso lako loti atenga ndani. Mutu wanga ukuti Dodgers. Anatenga mu 2024 atagonjetsa New York Yankees, anatenganso mu 2025 atagonjetsa Toronto Blue Jays. Ali ndi ndalama, ali ndi oponya ambiri abwino, ndipo mu Okutobala oponya ndiwo amagamula mlandu. Koma ndikuuze chimene chikundikayikitsa. Chikho cha 2025 chija anachitenga movutikira zedi. Sewero lachitatu linatenga ma inning 18 m'malo mwa 9, ngati kusewera kawiri usiku umodzi. Sewero lachisanu ndi chiwiri, ku Toronto, Blue Jays imatsogola mpaka inning ya 9, kutangotsala anthu awiri oti awatulutse basi kuti atenge chikho chawo choyamba chichokereni 1993. Miguel Rojas, munthu amene sadziwika n'komwe ndi ma home run, ndiye anamenya yofananitsa. Will Smith n'kumenya ina mu inning ya 11, zinathera 5 kwa 4. Ndipo amene anatseka sewerolo ndi Yoshinobu Yamamoto, yemwe anali ataponya kale dzulo lake. Woponya woyamba nthawi zonse amapuma masiku anayi kapena asanu kuti mkono ubwerere m'malo. Iye sanapume. Zoterozo suzipempha kwa munthu chaka ndi chaka, mkono si chitsulo. Kutenga katatu motsatizana anakuchita komaliza a Yankees, 1998 mpaka 2000. Ndiye ndikuti Dodgers afika patali, koma ngati oponya awo avulala m'katimu, chitseko chatseguka.

Ligiyi ili ndi mbali ziwiri, Dodgers ali ku National League. Mbali inayo, ya American League, ine ndaika dzanja pa Seattle Mariners. Timu imeneyi inayamba mu 1977, ndipo ndi yokhayo mwa matimu 30 onse imene sinafikepo mu World Series, fainolo yolimbirana chikho ija. Chaka chatha inatsala sewero limodzi lokha, Toronto inaitulutsa pa lachisanu ndi chiwiri. Ali ndi Cal Raleigh, amene anamenya ma home run 60. Udziwe kuti ameneyu ndi wowakha, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya sewero lonse atavala zodzitetezera, mawondo akuwawa, mipira ikumugunda. Munthu wa ntchito imeneyo kumenya 60 sizinachitikepo. Sindikuyembekeza kuti abwereza 60, koma ngakhale atatsika, oponya a Seattle ndi olimba ndipo ululu wa chaka chatha akadali nawo. A Yankees ali ndi Aaron Judge, ndipo bola ngati iye ali bwino simungawachotse pa mndandanda. Toronto nayo yalawa, ikufuna kubwerera. Koma ine ndanena Seattle, ndipo ulembe penapake kuti amalume ananena mu Marichi.

Tsopano mtima. Mtima wanga uli ku Chicago Cubs, ukudziwa kale. Kuno ku South Bend tili ndi timu yawo ya achinyamata, South Bend Cubs, imasewera pa Four Winds Field, ndipo baseball ndinaiphunzirira pamenepo, nditakhala pabenchi ndi anzanga akuntchito akundilozera kuti uyu watuluka chifukwa chakuti. Poyamba ndinkangoona ngati maraundasi aja tinkasewera kupulayimale. Anyamata ena amene timawaonera pano ndi tikiti yotchipa, pakapita zaka ziwiri zitatu umawaona ku Wrigley Field, bwalo la Chicago Cubs. Cubs inakhala zaka 108 osatenga chikho, kuyambira 1908 mpaka 2016. Pali agogo kuno amene anabadwa, kukula, kumwalira akudikira. Chaka chatha inapambana masewero 92, inatulutsa San Diego Padres, kenako Brewers inaitulutsa pa sewero lachisanu. Ndikulosera kuti chaka chino Cubs itenga gulu lake la NL Central, limodzi mwa magulu a National League, Brewers ibwera pambuyo. Uzimuyang'ana Pete Crow-Armstrong, wosewera pakati kumbuyo kwa bwalo. Chaka chatha anapyola ma home run 30 n'kubanso mabesi oposa 30 (kuthamangira pa besi yotsatira osadikira kuti mnzako amenye mpira), ndipo mpira ukakwera m'mwamba mbali yake, womenya amangobwerera kukakhala. Vuto lake anayamba chaka ngati moto, n'kuzilala chakumapeto. Akakhazikika miyezi yonse 6, tili pabwino. M'gulu lomwelo muli Paul Skenes wa Pittsburgh Pirates, amene anasankhidwa kukhala woponya wopambana mu National League chaka chatha. Timu yake ndi yofooka, koma tsiku limene akuponya iyeyo, ngakhale Cubs imavutika.

Chinanso chimene ndinalemba tsamba lathunthu, ndipo ndichidule. Chaka chino akuyamba lamulo latsopano. Woyimbira akanena kuti mpira wadutsa pabwino kapena panja, woponya, wowakha kapena womenya atha kutsutsa pogwira chipewa chake, makamera n'kuonetsa pomwe mpira wadutsa. Timu iliyonse ili ndi mwayi kawiri, ndipo ikakhala kuti yalondola mwayiwo sutha. Ndi ngati VAR, koma imatenga timasekondi tochepa, ndipo kochi saloledwa kulowererapo. Ine ndikugwirizana nazo. Ndaonapo sewero likutha ndi mpira woti aliyense m'bwalo waona kuti unali panja.

Ndiye mwachidule chake, World Series ya 2026 ine ndikuona Dodgers ndi Mariners, ndipo ngati ukundikakamiza kutchula mmodzi, Dodgers. Koma Cubs ikakumana ndi Dodgers mu Okutobala usadzandifunse kuti ndikuchemerera ndani.

Ukafuna kuonera, kumbuka kuti nthawi ya masewerowa kwanuko mumakhala patsogolo ndi maola 6. La 8 koloko usiku kuno ndi 2 koloko m'bandakucha kumeneko. Achemwali, musadandaule, sindikumuuza kuti azigona mochedwa masiku a sukulu. Cubs imasewera masewero ambiri masana ku Wrigley, amenewo kwanuko amayamba cha m'ma 8 koloko madzulo, ndiwo ndizimuuza. Mphwanga, nawe unditumizire matimu ako awiri ligi isanayambe, tidzaone mu Okutobala. Zolemba zija ndiyambiranso Loweruka likubwerali, fayilo ndaipatsa kale dzina. Amayi, ndikuimbirani mawa mukabwera kutchalitchi.